Mowa sukuwakomeranso, nanga akuumweranji?

Mayi wina wa ku Blantyre walemba chonchi: "Achimwene anga ndi kalipentala waluso, koma kachasu wawamaliza. Chaka chatha tinawatumiza kumudzi kwa amalume, anakhalako miyezi 4 osalawa ngakhale dontho, mpaka ananenepa. Atabwerera m'tauni sipanathe sabata. Chondizunguza mutu n'chakuti eni akewo amati mowawo sukuwakomeranso, amaumwa akulira. Amayi akuti analodzedwa, amuna anga akuti ndi mwano chabe. Kodi munthu angamafune chinthu chimene sichimukomera? Kapena akutinamiza?"

Chemwali, achimwene anuwo sakukunamizani. Munthu akhozadi kusakasaka chinthu usiku ndi usana pamene chinasiya kalekale kumukomera, ndipo Chichewa chathu chinaziona zimenezi asayansi asanaziyeze. Tili ndi mawu oti kukoma, tilinso ndi mawu oti chibaba. Funsani aliyense wosuta fodya. Ndudu imene amaisaka pakati pa usiku, kupisa m'matumba a mathalauza onse, mpaka kukatola kachidutswa kamene anataya yekha masana, sikuti imakoma ayi. Imawawa, imatsokomoletsa. Akaisuta sasangalala, mtima umangokhala pansi basi. Zimene ofufuza za ubongo apeza m'zaka 70 zapitazi n'zakuti kukoma ndi chibaba zimayenda njira zosiyana m'mutu mwathumu, ndipo mowa, fodya, chamba ndi mankhwala ena ozunguza bongo amakulitsa njira imodzi uku inayo ikufota.

Nkhaniyi inayamba mwangozi. Mu 1953, ku yunivesite ya McGill mumzinda wa Montreal ku Canada, James Olds ndi Peter Milner analowetsa kawaya kakang'ono mu ubongo wa khoswe kuti azitumiziramo magetsi ochepa kwambiri. Kawayako kanaphonya pamene ankafuna n'kukathera pena. Kenaka anaona khoswe uja akungobwererabwerera pangodya ya bokosi pamene analandirira magetsiwo, ngati waiwalapo kanthu. Atamuikira kachitsulo koti akadina yekha magetsi azimulowa, sanafunenso kuchokapo. Makoswe ena m'kafukufuku wotsatira ankadina mpaka maulendo 2,000 pa ola limodzi, ena kudumpha pansi pogwira magetsi kuti akafike pa kachitsuloko. Zotsatira zoyambazo anazisindikiza mu 1954, ndipo Olds anawatcha malowo kuti malo a chisangalalo. Dzinali linamatirira, ndipo linasocheretsa anthu kwa zaka zambiri.

Patapita nthawi njira yake inadziwika. Mkati mwenimweni mwa ubongo muli kagulu ka maselo kotchedwa ventral tegmental area. Maselowa amatambasula timitsitsi tawo kukafika pamalo otchedwa nucleus accumbens, komanso kutsogolo kuseri kwa chipumi, ku prefrontal cortex. Mthenga amene amatumidwa m'njirayi ndi mankhwala opangidwa ndi ubongo womwe otchedwa dopamine, amene Arvid Carlsson wa ku Sweden anasonyeza chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 kuti ndi mthengadi wa mu ubongo, ntchito imene inamupatsitsa mphotho ya Nobel mu 2000. Njirayi sinabwere chifukwa cha mowa. Ndi imene imakudzutsani m'mamawa kuti mukasake ndiwo za ana, imene imamuyendetsa mnyamata mtunda wautali kukaona chibwenzi. Mu 1988 Gaetano Di Chiara ndi Assunta Imperato ku Cagliari, ku Italy, anayeza timadzi ta mu nucleus accumbens ya makoswe oyendayenda, n'kupeza kuti mowa, nicotine wa mu fodya, morphine, cocaine ndi amphetamine, zonsezo zimachulukitsa dopamine pamalo amenewo. Za chamba zinadzatsimikizika pambuyo pake. Chilichonse chili ndi khomo lake lolowera. Cocaine amatseka njira imene ubongo umakokolera dopamine akamaliza ntchito, ndiye amangounjikana. Nicotine amagogoda maselo otulutsa dopamine mwachindunji, ndipo amafika ku ubongo pasanathe masekondi 20 chikokereni utsi. Heroin ndi chamba zimagonetsa maselo amene ntchito yawo ndi kugwira mabuleki. Mowa ndi wosalongosoka, umagwira apa ndi apo nthawi imodzi.

Apa ndi pamene panachokera zija mumaziona pa Facebook zoti dopamine ndi mankhwala a chisangalalo. Ine mawu amenewo amandisowetsa mtendere, chifukwa chikhala ndi zoona, achimwene anu bwenzi ali munthu wosangalala kwambiri m'banja mwanu.

Amene anagwetsa maganizo amenewa ndi Kent Berridge ndi Terry Robinson a ku yunivesite ya Michigan ku America, ndipo nawonso sanayembekezere zimene anapeza. Khoswe simungamufunse ngati chinthu chikukoma, koma nkhope yake imanena. Mukamudonthezera madzi a shuga m'kamwa, amatulutsa kalilime kamodzikamodzi mwandondomeko, kunyambita milomo, nthawi zina kunyambita timanja take. Mukamudonthezera kwinini, amayasamula kukamwa, kupukusa mutu, kupukuta chibwano pansi. Khanda longobadwa kumene limachitanso chimodzimodzi, inu amayi mukudziwa. Tsono Berridge ndi anzake anawononga pafupifupi dopamine yense m'makoswe ena. Makoswewo anasanduka zidole. Chakudya chili pamphuno, koma osasuntha kuti adye, moti akanafa ndi njala pakanapanda kuwadyetsera m'kachubu. Koma atawadonthezera shuga m'kamwa, kalilime kaja kanatuluka, kunyambita monga mwa masiku onse. Kukoma kunalipo. Chimene chinachoka ndi kufuna. Atayesa mbali inayo, kutakasa njira ya dopamine, makoswe ankalimbikira kwambiri kuti apeze shuga koma nkhope zawo sizinasonyeze kuti shugayo wawonjezera kukoma. Pambuyo pake anapeza kuti kukomako kumachokera pa timalo ting'onoting'ono kwambiri, mwa khoswe kamalo kosaposa kambewu ka mapira, ndipo timaloti timayendera amithenga ena, monga aja ofanana ndi morphine amene thupi limapanga lokha. Njira ya kufuna ndi chimsewu chachikulu. Ya kukoma ndi kanjira ka m'munda.

Mu 1993 awiriwa analemba maganizo awo okhudza chizolowezi cha mankhwala: mwa anthu ena, kumwa kapena kusuta mobwerezabwereza kumachititsa njira ya kufuna kukhala yosachedwa kuyaka, ndipo imakhala choncho kwa nthawi yaitali ngakhale munthu atasiya. Pamenepo kukoma kumakhala kukutsika, chifukwa thupi lazolowera. Botolo limene kale linkawaseketsa, lero silichita kanthu. Ndiye mizere iwiri imasiyana, wina kukwera wina kutsika, ndipo pakati pakepo ndi pamene mukuwapeza achimwene anu akumwa misozi ili chuchuchu.

Nanga chimayatsa kufunako n'chiyani? Apa ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa ndi pamene pali yankho la funso lanu la kumudzi ndi m'tauni. Wolfram Schultz, ali ku Fribourg ku Switzerland, ankamvetsera selo limodzilimodzi la dopamine mu ubongo wa anyani. Nyani akalandira dontho la juwisi mosayembekezera, maselo ankalira prrr kwa kanthawi kochepa kwambiri. Kenaka anayamba kuyatsa kanyali kaye, juwisi n'kubwera pambuyo. Nyani ataphunzira, maselo aja anasamuka: ankalira kanyali kakayaka, koma juwisi weniweniyo akafika ankangokhala ngati palibe chachitika. Ndipo akayatsa kanyali koma osapereka juwisi, pa nthawi yeniyeni imene juwisi amayenera kufika maselowo ankati zii, kutsika kuposa nthawi zonse. Schultz, Peter Dayan ndi Read Montague anafotokoza mu 1997 kuti dopamine amayeza kusiyana kwa zimene umayembekezera ndi zimene wapeza. Ndi mphunzitsi. Amauza ubongo kuti ichi chaposa muyeso, kumbukira pamene unali, amene unali naye, fungo lake, nthawi yake.

Ndi nsima, mphunzitsiyu amafika poti phunziro latha, chifukwa nsima ya lero ndi yofanana ndi ya dzulo. Ofufuza ambiri amaganiza kuti vuto la mankhwalawa ndi lakuti amatulutsa dopamine mokakamiza, ndiye ubongo umangolandira uthenga woti "izi zaposa muyeso" ulendo uliwonse, phunziro osatha. Chilichonse chozungulira mowawo chimasanduka kanyali ka nyani uja. Kanjira kokhotera ku shabini. Fungo la matokoso pamoto. Kulira kwa velemoti ikagundana ndi tambula. Mluzu wa mnzawo wakale. Foni kulira kuti ndalama ya mpando yalowa. Ngakhale kutopa kwa 5 koloko, utuchi uli m'tsitsi, ukhoza kukhala kanyali.

Kumudzi kwa amalume kunalibe tinyali timeneti. Ubongo unapuma, thupi linabwerera. Koma phunziro lija silinafufutike, linangosowa woliyatsa. Madzi saiwala khwawa. Ndipo pali china chimene mabanja ambiri sachidziwa, chimene chimapweteketsa anthu pa nthawi imene aliyense akuti zatheka. Mu 2001 Jeffrey Grimm, Yavin Shaham ndi anzawo ku Baltimore anasiyitsa makoswe cocaine, n'kumawabwezera m'bokosi lawo lakale patapita masiku osiyanasiyana. Amene anabwezedwa patatha tsiku limodzi anadina kachitsulo pang'ono. Amene anabwezedwa patatha miyezi 2 anadina kwambiri zedi, mankhwala palibe, pali kanyali kokha. Chibaba choyatsidwa ndi zikumbutso chimakula m'miyezi yoyambirira, sichichepa, ndipo izi zaonekanso mwa anthu osiya fodya ndi mowa. Achimwene anu anatsika basi ali onenepa, inu mukuthokoza Mulungu, pamene m'mutu mwawo udzu unali utauma kudikira machesi.

Zofanana ndi za kumudzizi zinachitikapo pa anthu ochuluka. Mu 1971 boma la America linachita mantha litamva kuti asilikali ake ku Vietnam alowerera heroin. Lee Robins, wofufuza wa ku St. Louis, anawatsatira atabwerera kwawo. Pafupifupi msilikali mmodzi mwa 5 alionse anali atagwidwa ndi chizolowezicho ali ku nkhondo. Koma mwa amenewo, pafupifupi 5 okha pa 100 ndi amene anagwidwanso m'chaka choyamba ali kwawo, ndipo 12 pa 100 m'zaka 3. Iwo anasiya tinyali tawo kutsidya la nyanja osabwererako. Achimwene anu ulendo wawo unali wotembenuza: anachira kutali, n'kubwerera pakati penipeni pa zikumbutso.

Sindikufuna kuti muganize kuti zonse ndi dopamine. Pali mbali ina yamdima, imene George Koob, yemwe mu 2014 anakhala mkulu wa bungwe la boma la America lofufuza za mowa, wathera moyo wake akuifufuza. Ubongo sukonda kukankhidwira mbali imodzi, umakankha mobweza. Mowa ukamagonetsa minyewa tsiku ndi tsiku, ubongo umakweza amithenga a nkhawa ndi mantha m'kadera kake kotchedwa amygdala. Mowa ukatha m'magazi, otsala ndi amithenga amenewo: mtima kugunda, tulo kusowa, kupsa mtima ndi zazing'ono, kudziona wopanda pake. Awa si matsire a tsiku limodzi. Poyamba munthu amamwa kuti akwere pamwamba, pamapeto amamwa kuti angofika pamene anzake amakhala osamwa. Wofufuza wina wa ku America, Nora Volkow, pojambula ubongo wa anthu ndi makina a PET, anapeza kuti mwa ambiri olowerera cocaine, mowa kapena heroin, timakomo tolandirira dopamine totchedwa D2 timachepa. N'chifukwa chake zinthu wamba, mpira, nyama yootcha, mwana kukhoza mayeso, zimazizira. Anapezanso kuti dera la kuseri kwa chipumi, limene limati "dikira, taganiza za mawa", limagwira ntchito mofooka. Ndipo Barry Everitt ndi Trevor Robbins a ku Cambridge anasonyeza kuti khalidwe likabwerezedwa kwambiri, ulamuliro wake umasamukira ku dera la zizolowezi, lija limakupalasitsani njinga osaganizira miyendo. Akamati "ndinangozindikira ndili komweko", nthawi zambiri akunena zoona.

Tsono kwa alamu anga, amuna anuwo, amene akuti ndi mwano. Ali ndi kachigawo ka choonadi, ndipo ndisawalande. Chibaba si unyolo wachitsulo. Munthu wolowerera amasankhabe, n'chifukwa chake amatha kupirira pamaliro kapena pamaso pa apongozi. Koma amasankha sikelo itapendekeka kale. Ndipo si aliyense amene sikelo yake imapendekeka. Ku Bordeaux ku France mu 2004, makoswe atapatsidwa cocaine kwa miyezi pafupifupi 3, ndi 17 okha pa 100 amene anasonyeza zizindikiro zonse za kulowerera, monga kupitirizabe ngakhale akulandira chilango cha magetsi. Ku Linköping ku Sweden mu 2018, gulu la Markus Heilig linapeza kuti makoswe ambiri amasiya mowa akapatsidwa madzi otsekemera, koma pafupifupi 15 pa 100 amakakamirabe mowa. Mwa anthu, kafukufuku wa mapasa amasonyeza kuti pafupifupi theka la chiopsezo cha uchidakwa ndi la kumtundu. Kuyamba uli wamng'ono kumawonjezera, chifukwa dera la kuseri kwa chipumi limamaliza kukhwima munthu ali ndi zaka pafupifupi 25. Ndikaganiza za ana a sukulu amene ankayamwa masacheti aja boma lisanawaletse, mtima umandiwawa. Kukula ndi nkhanza kapena mantha kumawonjezeranso. Ndiye amuna anu akamati "ine ndimamwa awiri n'kunyamuka", akunena za ubongo wawo, osati wa mlamu wawo.

Kwa amayi, sindingalimbane nawo pa chikhulupiriro chawo. Ndingoti khoswe wa ku Montreal uja panalibe amene anamuchitira nsanje. Ndipo ndimamvetsa chifukwa chake mawu oti kulodzedwa amabwera msanga: munthu akuchita chimene iye mwini akudana nacho, ngati wina akumukoka ndi chingwe. Apempherereni ndithu, koma ndalama zoyendera uku ndi uku zisungidwe za kuchipatala.

Chifukwa kuchipatala n'kofunikadi, ndipo apa ndikuchenjezeni mwamphamvu. Munthu amene wakhala akumwa kachasu tsiku lililonse asasiye mwadzidzidzi payekha, ndipo musamutsekere m'chipinda kuti aume. Ubongo wake uli ngati galimoto imene dalaivala wakhala akuponda moto handibuleki ili yokoka. Mowa ndiye handibulekiyo. Mukaimasula kamodzin'kamodzi, galimoto imauluka. Kunjenjemera ndi thukuta zimayamba pasanathe tsiku, ena amagwa ngati akhunyu m'masiku 2 oyamba, ndipo cha pa tsiku lachitatu ena amabalalika, kuona tizilombo pakhoma, thupi kutentha. Zikafika apo munthu akhoza kufa. Achipatala amapereka mankhwala ngati diazepam n'kumachepetsa pang'onopang'ono, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Kuti ulendo watha anadutsa bwino kumudzi si umboni woti adutsanso, chifukwa kusiya kulikonse kobwereza kumakonda kukhala koopsa kuposa kwam'mbuyo. Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, mufunse anamwino kapena madokotala a matenda a maganizo. Ku Zomba Mental Hospital amathandiza, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ali ndi ndondomeko yothandiza olowerera mowa ndi mankhwala. Mufunsenso ngati angapeze naltrexone, amene amatseka timakomo ta amithenga ofanana ndi morphine aja n'kuchepetsako chikoka cha mowa, kapena acamprosate. Si mankhwala ozizwitsa, koma ena amawathandiza.

Masiku oopsawo akadutsa, ntchito yeniyeni ndi ya tinyali tija komanso kupeza china choti njira ya kufuna igwire. Mu 2018 Marco Venniro ndi Shaham yemwe uja anapatsa makoswe olowerera heroin kapena methamphetamine zitsulo ziwiri: china cha mankhwala, china chotsegula kachitseko kuti acheze ndi khoswe mnzawo kwa mphindi imodzi. Pafupifupi ulendo uliwonse ankasankha mnzawo. Musazitenge mopitirira, munthu si khoswe, ndipo anzake a achimwene anu ambiri ali ku shabini komweko. Koma zikutiuza kuti kuwasala ndi kuwachititsa manyazi pagulu kumachotsa chinthu chimene chikanapikisana ndi botolo, n'kuwonjezera nkhawa ija imene amaithawira ku mowa. Kuwakonda sikutanthauza kuwalipirira ngongole za ku shabini. Ubongo nawo umabwerera, koma mwa kachetechete. Volkow anajambula anthu osiya methamphetamine n'kuona kuti patatha chaka ndi miyezi ingapo zina mwa zimene zinawonongeka m'njira ya dopamine zinali zitabwereramo. Chaka ndi miyezi, osati masabata. Miyezi 4 ya kwa amalume sinapite pachabe, inali chiyambi chimene chinadukizidwa.

Mukawapeza ali bwinobwino m'mawa wina, musawafunse kuti amamweranji, chifukwa yankho lake eni ake alibe. Afunseni kuti chibaba chimawagwira nthawi yanji, ali pati, atangoona ndani, m'thumba muli zingati. Tengani pepala mulembe limodzi. Mwina mupeza kuti ndi njira imodzi yochokera ku shedi, ndiye azizungulira ina ngakhale italike. Mwina ndi tsiku limene kasitomala walipira, ndiye agwirizane nanu kuti ndalamayo izilowa mu foni ya munthu amene iwo amukhulupirira. Mwina ndi 5 koloko ija, ndiye pa ola limenelo pazikhala munthu wowadikira ndi tiyi, kapena mwana wa mlongo wawo woti amuphunzitse kupala thabwa.